Landilova Yovala Matumba

Zonse zinayamba m'chaka cha 1986, nyengo yachisanu, mphepo ya Juni ikutola fumbi la m'komboni ya Chawama ku Lusaka n'kumalithira anthu m'maso. Loweruka pa 14 mwezi womwewo a Whyson Mbewe analowa m'komboni akuyendetsa Landilova yawoyawo. Ankayenda pang'onopang'ono kotero kuti mayi wina wosenza makala anawapitirira, nawapatsa moni, n'kukafika kwawo iwo asanakhote pa tchalitchi.

A Mbewe anali dalaivala wa kampani ya boma yokumba mijigo. Chuma cha dziko chitayamba kutsamwa, kampaniyo inachotsa antchito ndi kugulitsa magalimoto okalamba. Anzawo anagula masuti ndi mawailesi. A Mbewe anagula Landilova yomwe iwo eni anaiyendetsa m'tchire zaka zambiri, yokalikakalika ngati yagwa m'dzenje la amphaka, n'kupita nayo kwa mmisiri wina wa ku Kanyama amene anali atabisa zitini zomaliza za penti weniweni wa galimoto. Inatuluka kumeneko yobiriwira moderapo, yonyezimira mpaka munthu kudziona mano.

"Ba Mbewe, iyi penti ndiye ya lasiti mu Lusaka yonse," anatero mmisiriyo. "Ikakalika musabwele kuli ine. Nizakupakilani laimu."

Pentiyo anali ndi chifukwa chake. Mu 1958, a Mbewe akali mnyamata, anachoka kumudzi kwawo kuseri kwa Katete atakwera pamwamba pa lole ya mtedza. Mkulu wawo, a Dyton, anaimirira pambali pa msewu akuseka.

"Pita, mphwanga! Udzabwera kuno wapansi, fumbi mpaka m'makutu."

"Ndidzabwera pa galimoto yanga," anakuwa Whyson lole ikunyamuka, "ndipo mudzameta ndevu mukudziyang'ana pachitseko chake!"

Mawu amenewo a Mbewe anawasunga kuposa mmene anasungira nyimbo za ku Sande sukulu. Tsopano galimoto inalipo, chitseko chinalipo, a Dyton analipo ndi ndevu zawo. Chovuta chinali njira. Kuchokera pa tala kukafika kumudzi pali kanjira ka ngolo, ndipo mbali zonse ziwiri kankhande ndi mthethe zimagwirana manja pamwamba. A Mbewe ankadziwa bwino zomwe minga imeneyo imachita ndi penti. Choncho anati ayambe apeza nzeru yotetezera galimoto, ulendo ubwere pambuyo.

Koma nacho Chawama si malo osungirako penti. Njira za pakati pa nyumba n'zopapatiza, mawilibala amathamanga opanda mabuleki, amayi amadutsa ndi mabeseni otuluka milomo, ndipo ana amakonda kulemba mayina awo pa chilichonse chosalala. Mdani woyamba anali tambala wa nyumba yoyandikana nayo. Anaona tambala mnzake pachitseko cha Landilova, natukumula nthenga kuti amuonetse mwini dera. A Mbewe anamugwira m'malere asanafike. Anamugula tsiku lomwelo, ndipo Lamulungu pa 3 Ogasiti anamudya mokondwa, chifukwa tambalayo anali mboni yoyamba yoti chitseko chikuonetsadi nkhope.

Kuyambira pamenepo galimoto inkagona itafunda. Mayi Mainess, akazi awo, anataya mabulangete awiri ndi nsalu ya patebulo. Anatayanso pitikoti wakale, chifukwa a Mbewe anapeza kuti palibe nsalu ina yofewa ngati imeneyo popukutira. Sopo wochapira zovala sankafika pafupi. Madzi a pampopi ankayamba asefedwa kuopa mchenga. Ikauma ankaipaka polishi woyera wa pansi, n'kuipukuta mozungulira, lilime lili panja, mpaka dzuwa likamenya chitseko linkalowa m'nyumba ya eni ake a tambala uja.

"Atate a Towera," ankatero mayi Mainess, "ine munandipakako mafuta liti?"

"Inu khungu lanu limamera lina. Penti samera."

Anthu a m'komboni anaitcha galimotoyo Mkwatibwi, popeza nthawi zonse inali yophimba kumaso ndipo sinkagwira ntchito. Munthu akadwala, a Mbewe ankathandiza kukankha wilibala mpaka ku kiliniki. Pakagwa maliro ankafika moyambirira, kuimba, ngakhale kukumba manda. Koma akawapempha galimoto ankagwira chipewa ndi manja awiri n'kufotokoza mwaulemu kuti njira ya kumanda ili ndi zitsamba, ndipo bokosi lili ndi misomali. Anthu ankang'ung'udza kuseri. Amene ankalankhula poyera anali mmodzi yekha: mayi Kapambwe.

Mayi Kapambwe anali wamasiye wa Chibemba, wogulitsa makala moyang'anana ndi nyumba ya a Mbewe. Pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa pali chimbuya, chibale cha chipongwe. Mbuya wako akhoza kukunyoza pagulu, kukulanda chipewa, kukupaka ufa kumaso pa maliro a mbale wako, ndipo iwe suloledwa kukwiya. Ukakwiya, wochita manyazi ndiwe. Mayi Kapambwe ankagwiritsa ntchito ufulu umenewu tsiku lililonse. Iwo ankawatcha a Mbewe amuna awo, ndipo Landilova ankaitcha mkazi mnzawo.

"Bamuna banga!" ankakuwa m'mawa, atanyamula msomali wautali womwe ankatokosera mbaula. "Uyo mukazi munzanga akali gone? Muvundukuleni nimulembe dzina pa tako!"

"Chokani apa, inu odya anyani. Manja anu ali ndi makala."

"Imwe ba kudya mbeba, motoka munaipeza kuti? Kwanu ni njinga chabe!"

Ulendo woyesera unachitika Loweruka pa 12 Sepitembala 1987. Mwana wa mnzawo wa kutchalitchi ankakwatiwa ku Kabanana, komwe masiku amenewo kunali tchire ndithu. Atasiya msewu waukulu, a Mbewe anatulutsa chikwanje. Akaona nthambi yoweramira m'njira ankaimitsa galimoto, kutsika, kuidula, kuitaya kutali, n'kukweranso. Nthambi zitachuluka anapempha mayi Mainess kuti atsike azitsogola, akugwira zitsamba kuti galimoto idutse. Mayi Mainess anayenda choncho atavala diresi la ukwati ndi nsapato zazitali, mphatso ili kukhwapa. Anafika anthu akutsuka miphika. Galimoto inalibe kachipsera ngakhale kamodzi, koma mikono ya mayi Mainess inali mizere yokhayokha.

A Mbewe anaona kuti njira ya ku Katete sangaidule yonse ndi chikwanje, ndiponso mkazi ali naye mmodzi. Anayamba kuyesa nzeru zina. Anapaka girisi m'mbali kuti minga izitereka, koma fumbi linamatirira mpaka galimoto inaoneka ngati chitumbuwa. Anamangirira makatoni, mvula inawasandutsa phala. Anayesa mphasa, koma atayamba aikhula pa chitini chopaka penti anapeza kuti bango nalo limakanda. Chaka chilichonse panali chifukwa chodikirira: matayala kulibe, dizilo kulibe, mvula yachuluka, tchire lakula.

Pa 9 Januwale 1990 mayi Mainess anabwera kuchokera kumudzi, komwe anapita pa basi kukalira maliro a azakhali awo. Asanamasule n'katundu yemwe anakhala pa mpando n'kunena.

"Alamu a Dyton maso akutha. Ng'ala. Ine anandizindikira ndi mawu. Akayandikitsa chinthu pamphuno amachionabe, koma chaka chamawa sindikudziwa. Akuti ndikufunseni ngati muli m'njira, poti wapansi amachedwa."

A Mbewe anatuluka panja, navundukula bulangete pang'ono, n'kudziyang'ana pachitseko nthawi yaitali. Madzulo ake analengeza kuti mvula ikangotha akupita, ndipo akupitiratu. Tauni inali itawakana kale. Sopo, mafuta ophikira, shuga, zonse zinali za pamzere, ndipo ufa unkagulidwa ndi makuponi ukapezeka. Nyumba adzasiyira mwana wawo Towera, amene ankaphunzitsa pa sukulu ya pulaimale.

Nzeru yomaliza inawabwerera ali kwa kalipentala. Utuchi! Ukauthira m'thumba umakhala ngati pilo. Minga ibaya thumba, ithera mu utuchi, penti osamva kanthu. Anayendayenda m'komboni kupempha matumba a ufa opanda kanthu, ndipo anthu anawapatsa mosavuta, poti thumba lopanda ufa linali chinthu chokhacho chomwe aliyense anali nacho chambiri. Anawadzaza utuchi, nasoka kukamwa, nayala zitenje zakale pa galimoto kuti thumba lisakhudze penti, kenaka anapachika matumbawo ndi zingwe mbali zonse, ena pa boneti, ena kumbuyo. Anali oyera, onenepa bwino, zilembo za kampani yogaya chimanga zikuwerengeka patali.

Mayi Mainess anazungulira galimoto manja ali m'chiuno.

"Bwanji osatembenuza matumbawa, zilembo ziyang'ane m'kati?"

"Kuti inki idinde pa penti? Dzuwa likatentha zilembo zimasamuka. Inu zimenezi simungazidziwe."

Loweruka pa 19 Meyi, m'mawa, anakweza katundu, natsanzikana ndi Towera, n'kunyamuka. Njira yotulukira m'komboni inkadutsa pa sitolo ya boma. Tsikulo panali mzere wautali wokhotakhota mpaka kuseri kwa msika, chifukwa kunamveka kuti lole ya ufa ibwera. Anthu anali atatopa, makuponi m'manja, mabeseni ndi zidebe pamutu. Pakati pa mzerewo panali mayi Kapambwe.

Iwo ankadziwa bwino lomwe kuti m'matumbamo muli utuchi. Anaona a Mbewe akusoka sabata yonse. Koma mbuya sangadutse pamaso pa mbuya wake osanyozedwa, makamaka tsiku lotsanzika. Anatuluka pamzere, naika manja kukamwa.

"Ba mbuya! Kansi ndimwe munabisa unga wonse mu Chawama!"

Amene anali pafupi anaseka, poti ankawadziwa awiriwo. Koma mawu akamayenda pamzere amafupika. Pofika pakati anali atatsala "unga mu Chawama." Pofika kumapeto anatsala amodzi.

"Unga!"

"Unga wafika!"

"Ni unga woyera wa bulekifasiti, onani masaka!"

Mzere unasweka ngati mkanda woduka. A Mbewe anaona mabeseni akubwera mbali zonse. Analiza hutala, koma anthu anamva ngati lole ikuwaitana. Mayi Kapambwe anathamanga kutsogolo akukuwa kuti "Ni masobela chabe, ni nthabwala! Ni utuchi!" koma anakankhidwira m'ngalande. Wina anatulutsa mpeni kudula zingwe, mpeniwo n'kupitirira. Wina anakwera pa boneti ndi nsapato za matayala zokhoma misomali. Zidebe zinkakhulana ndi mbali za galimoto ndi kaphokoso kolowa m'mano. Mayi Mainess anangokumbatira wailesi n'kutseka maso.

A Mbewe anatsika, natseka chitseko chawo, nachitsamira ndi msana, manja atatambasula.

"Anthuni, ndi utuchi! Ndikulumbira, ndi utuchi!"

"Tizaona ku nyumba, mudala! Chokaniko!"

Sanachoke. Beseni linawamenya pamphumi, chigongono chinawalowa m'nthiti, chipewa chinapita, koma msana wawo sunasiyane ndi thumba la pachitsekocho.

Zinatha mofulumira monga zinayambira. Thumba lina linang'ambika anthu awiri akulimbirana, ndipo utuchi unamwazika pamutu pa onse. Bambo wina anaunyambita kuti atsimikize, n'kulavula.

"Ba kawalala imwe," anatero mayi wina akuloza a Mbewe. "Mugulitsa utuchi monga unga? Mulibe nsoni?"

Anthu anabwerera kukakangana za malo awo pamzere. Gogo wina yekha ananyamulabe thumba lake, nati likayatsa mbaula.

A Mbewe anayang'ana Mkwatibwi. Boneti inali ngati munda wopalasa nkhuku. M'mbali munali mizere yoyera yoyenda chopingasa, ina yakuya mpaka chitsulo. Minga ya ku Katete, imene anaikonzekera zaka zinayi, sinapatsidwe mpata. Anatembenuza galimoto n'kubwerera kunyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaifunditse. Anakhala pakhonde osavula jekete.

"Sitipita," anauza mayi Mainess. "Achimwene akaone chiyani? Ndi bwino aziti ndinafera m'tauni."

Masana a tsiku lomwelo kunamveka kulira kuchokera tsidya la msewu. Anali mayi Kapambwe, matope a m'ngalande akali m'miyendo, chitenje atamanga m'chiuno ngati wopita kumaliro, akutsogolera amayi anzawo a Chibemba. Analowa pabwalo akugubuduka.

"Mayo ine! Mukazi munzanga wafa! Anali mushe, sanatapeko manzi, sanapyangeko, sananyamuleko na munthu umozi! Nizakangana na ndani ine?"

Amayi enawo anakhala pansi mozungulira galimoto n'kuyamba nyimbo ya maliro. Anthu anadzaza kumpanda. Mwambo umati mbuya apake wofedwa ufa, koma chaka chimenecho palibe akanataya ufa ngakhale pa maliro enieni. Mayi Kapambwe anatapa phulusa la m'mbaula napaka a Mbewe pamphumi, m'masaya ndi padazi.

Aliyense ankadikira kuti a Mbewe abweze, atchule anyani monga mwa masiku onse. Sanabweze. Anthu anaona kuti bamboyu ali pafupi kuchita chosachitika, kukwiyira mbuya pagulu. Koma analankhula motsitsa.

"Mayi Kapambwe, achimwene anga maso akutha. Ndinawalonjeza kuti adzadziona pachitseko."

Nyimbo inazima. Mayi Kapambwe anapukuta manja pa chitenje, nayang'ana pansi. Kupepesa sakanatha, poti mbuya sapepesa. Anatsokomola, nayimirira.

"Pa malilo timaona nkhope," anatero. "Vundukulani tione."

Anapita pa thumba limodzi lomwe linatsala, la pachitseko cha dalaivala, namasula chingwe, nachotsa chitenje cha pansi pake. Kenaka anabwerera m'mbuyo atagwira pachifuwa.

"Mayo! Uyu nkhalamba wa matika ni ndani?"

Anali mayi Kapambwe eni, akudziona ndi matope awo a m'ngalande. Chitseko chinali chobiriwira, chosalala, chonyezimira monga tsiku lomwe chinachoka ku Kanyama. A Mbewe anadzuka pang'onopang'ono, nafika pafupi, naona nkhope yawo yaphulusa pambali pa ya mayi Kapambwe.

"Manje imwe ba kudya mbeba," anatero mayi Kapambwe, "bakulu banu bali na nkhope ikulu bwanji? Ifunika motoka yonse? Pa chitseko chimozi siingakwane?"

"Chikakalika panjira," anayankha a Mbewe. "Kankhande amayambira mbali ya dalaivala."

"Bwezelamponi saka."

"Thumba? Kuti andithamangitsenso pa Chongwe, pa Nyimba ndi pa Petauke?"

Anthu kumpanda anaseka, ndipo a Mbewe anaima akuyang'ana chitsekocho, mutu utapendekeka. Kenaka analowa m'nyumba, natuluka ndi sipanala. Chitseko cha Landilova chimagwidwa ndi mahinjesi awiri okhala kunja. Anamasula mabawuti, nachinyamula ngati khanda, n'kulowa nacho kuchipinda. Atatuluka anatapa phulusa lotsala n'kulikhuthulira pa duku la mayi Kapambwe.

"Pitani mukasambe, inu odya anyani. Mukudetsa pabwalo panga."

Sabata imeneyo Chawama chinaona zachilendo. Lachitatu kunagwa maliro kumunsi kwa msika, ndipo a Mbewe anabwera okha ndi Landilova osapemphedwa. Inanyamula bokosi ndi misomali yake, inadutsa m'zitsamba za kumanda, nthambi zikulira m'mbali, dalaivala akuoneka thupi lonse mpaka masokosi. Pobwerera inanyamula amayi a kwaya, ena atakhala pa boneti.

Tsiku lonyamuka kachiwiri, mayi Mainess anakhala kutsogolo atafungatira chitseko, chokulungidwa m'zitenje ndi bulangete latsopano la Towera. Chinawaphimba kuyambira m'mawondo mpaka pamphumi, moti potsanzika anthu ankangoona dzanja likugwedezeka pamwamba. A Mbewe anavala majekete awiri ndi chisoti cha ubweya, nadzimanga ndi lamba wa thalauza ku mpando kuti asagwe pokhota. Mayi Kapambwe anabweretsa kathumba ka makala nati ndi chakudya cha panjira. Potuluka pachipata wilibala ya zigubu inakhula mbali yonse ya kumanzere, mwini wake n'kuima chilili kudikira imfa. A Mbewe anangomukwezera dzanja.

Za kumudzi anabwera nazo Towera, atapitako pa Khirisimasi. Akuti minga inachita zonse zomwe a Mbewe ankaopa, ndipo ina inalowa pomwe panalibe chitseko n'kuwang'amba jekete. Atafika a Mbewe anatsika, namasula bulangete, naimika chitseko pa mtengo wa mango, n'kukawagwira dzanja a Dyton. A Dyton anayandikitsa mphuno pa penti, nayang'ana nthawi yaitali, akusisita ndevu.

"Chitseko n'chabwino," anatero. "Koma mwaikamo nkhalamba."

Kenaka anapapasa nkhope ya mng'ono wawo, chala n'kulowa m'khutu, n'kutuluka chofiira ndi dothi la msewu wonse wa kum'mawa.

"Sindinanene? Fumbi mpaka m'makutu."

Akuti anakangana mpaka dzuwa kulowa za amene anapambana, ndipo m'mawa mwake a Dyton anaitanitsa lezala ndi madzi ofunda, nakhala pansi pa mango paja.

Koma izo n'za ku Katete. Ku Chawama a Whyson Mbewe anachokako komaliza ali pa Landilova yokalikakalika yopanda chitseko chimodzi, Loweruka pa 26 Meyi 1990.